Muyeso wa Chinthu Chosaoneka: Kuwerengera Kukaniza ndi Mphamvu ya Magetsi

Pa zinthu zonse zimene zinalowa m'nyumba zathu, zimene makolo athu sanazidziwe koma ana athu sangathenso kukhala popanda izo, palibe china chimene timachigwiritsa ntchito m'mawa ndi madzulo osachiona ndi maso monga magetsi. Madzi timawaona mumtsuko, mafuta a nyale timawayeza m'botolo, nkhuni timaziwerenga mitolo. Koma magetsi amadza mwakachetechete m'kati mwa waya, nagwira ntchito yawo mobisika, ndipo chimene timaona ndi zipatso zawo zokha, ndiko kuwala kwa babu, kutentha kwa simbi ndi kulira kwa wailesi. Chifukwa cha kusaonekaku anthu ambiri, ngakhale ophunzira ndithu, amawayesa chinthu chopanda mwambo, chimene lero chisekerera mawa n'kupsa mtima, ndipo waya akanyeka kapena nyumba ikapsa amangoti ndi tsoka. Koma sizili chomwecho ayi. Magetsi ali ndi lamulo lawo, ndipo lamulolo ndi lalifupi kotero kuti mwana wasukulu amene wadziwa kuchulukitsa ndi kugawa angathe kuneneratu, asanalumikize n'komwe, ngati waya uyu adzapirira kapena adzapsa.

Tiyambe ndi tochi ya mabatire awiri, imene aliyense anaigwirapo. Mukaitsegula ndi kulondola njira yachitsulo m'kati mwake, mudzapeza kuti njirayo ichokera pamutu pa batire lakutsogolo, nilowa m'kaulusi ka babu, nitulukira ku swichi, nitsika ndi kachitsulo ka m'mbali kufikira pa sipuling'i ya kumunsi, ndipo pamenepo ilowanso m'mabatire momwe inachokera. Njira yotere, yopanda chiyambi kapena mathero, amisiri amaitcha sekiti, ndipo ife m'mutu uno tiziitcha mkombero. Ukaduka pamalo amodzi, kaya ndi pa swichi kaya ndi pa sipuling'i yadzimbiri, magetsi amaleka kuyenda ponseponse nthawi imodzi. Tsono mumkombero uliwonse, wa tochi kapena wa mzinda wathunthu, muli zinthu zitatu zoyenera kuyezedwa. Choyamba ndi voteji, ndiko kukankha kumene batire likankha nako magetsi, ndipo muyeso wake ndi volti: batire la tochi lili ndi mavolti 1.5, la galimoto 12, soketi ya m'nyumba 230. Chachiwiri ndi karenti, ndiko kuchuluka kwa magetsi amene apyola pamalo amodzi a waya pa sekondi iliyonse, ndipo muyeso wake ndi ampu. Chachitatu ndi rezisitansi, ndiko kukaniza kumene chinthu chikaniza nako magetsi kuti asapite momasuka, ndipo muyeso wake ndi omu, imene ilembedwa ndi chilembo cha Chigiriki chotere: Ω.

Amene anaonapo thanki yamadzi yokhala pansanja, kusukulu kapena kuchipatala, wazimva kale zitatuzi. Kutalika kwa nsanja ndiko voteji, pakuti thanki ikakwera madzi amatsika mwaukali. Ndowa zimene zidzala pa mphindi imodzi ndizo karenti. Ndipo kuchepa kwa paipi ndi kutalika kwake ndiko kukaniza. Kwezani nsanja, ndowa zidzadzala msanga. Ikani paipi yopyapyala, madzi adzangodontha. Koma fanizoli lili ndi malire ake, ndipo tisalipitirize kuposa apa, pakuti paipi ikaduka madzi amatayikira pansi, pamene waya akaduka magetsi satayika koma amangoima.

Munthu amene anamanga zitatuzi pamodzi m'lamulo limodzi anali mphunzitsi wa ku Germany, dzina lake Georg Simon Ohm, wobadwira m'tauni ya Erlangen m'chaka cha 1789. Atate ake anali mmisiri wosula maloko, munthu wosapita patali ndi sukulu, koma amene anadziphunzitsa yekha masamu mwakhama lotere kuti anakhoza kuphunzitsa ana ake awiri panyumba, Georg ndi mng'ono wake Martin, amenenso pambuyo pake anakhala katswiri wa masamu ku Berlin. M'masiku amenewo magetsi oyenda m'waya anali chinthu chachilendo. Alessandro Volta wa ku Italy anali atangopanga batire loyamba m'chaka cha 1800, posanjikiza tizitsulo ta mitundu iwiri ndi kuika pakati pake timapepala tonyowa ndi madzi amchere. Ndipo m'chaka cha 1820 Hans Christian Ørsted wa ku Copenhagen anaona kuti singano ya kampasi imapotoka ikakhala pafupi ndi waya woyendamo magetsi, motero kunapezeka njira yoyezera karenti. Ohm, amene chiyambire 1817 anali kuphunzitsa masamu ndi sayansi pasukulu ina ku Cologne, anatenga zinthu ziwirizi nadzifunsa funso looneka lachibwana: kodi ndikatalikitsa waya, karenti idzachepa ndi muyeso wotani?

Funsolo linamsautsa, pakuti mabatire a nthawi imeneyo anali osakhazikika, oyamba mwamphamvu ndi kufooka munthu asanamalize kulemba chiwerengero chake. Ndipo sungayeze kanthu ndi muyeso umene ukusinthasintha m'manja mwako. Chomwecho, atalangizidwa ndi Johann Poggendorff, anasiya mabatire natenga njira ina imene Thomas Seebeck anali atangoitulukira, yakuti zitsulo ziwiri zosiyana zikalumikizidwa, mfundo ina n'kukhala yotentha ina yozizira, zimabala voteji. Analumikiza mkuwa ndi chitsulo chotchedwa bismuth, naika mfundo ina m'madzi owira, ina m'madzi oundana, ndipo popeza kutentha kwa madzi owira ndi kuzizira kwa madzi oundana sikusinthasintha, voteji yakenso inakhazikika. Pamenepo anatenga mawaya amkuwa onenepa mofanana koma otalika mosiyana, nawaika mumkombero mmodzimmodzi, nayang'ana kupotoka kwa singano, nalemba, nabwereza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo m'kudekha kotere ndimo munatuluka buku lake la m'chaka cha 1827.

Anthu a kwawo sanalilandire. Akatswiri ambiri a ku Germany m'masiku amenewo anali kukhulupirira kuti chilengedwe chimadziwika ndi kusinkhasinkha kwa mumtima koposa ndi masamu ndi miyeso, ndipo bukulo analinyoza. Ohm anasiya ntchito yake ya ku Cologne nakhala zaka zingapo ku Berlin movutika, kufikira anapeza malo pasukulu ya zaumisiri ku Nuremberg m'chaka cha 1833. Ulemu unadza kuchokera kunja: m'chaka cha 1841 bungwe la Royal Society la ku London linam'patsa mendulo ya Copley, ndipo mpando wa upulofesa umene anaulakalaka moyo wake wonse anaulandira ku Munich m'chaka cha 1852, zitangotsala zaka ziwiri kuti amwalire. Indetu mawu a akuluakulu amakoma akagonera. Pamsonkhano wa akatswiri a zamagetsi ku Paris m'chaka cha 1881, mitundu ya anthu inagwirizana kuti volti, ampu ndi omu ikhale miyeso ya onse, ndipo dzina la mwana wa wosula maloko uja lili lero pa zipangizo zambiri zoyezera magetsi. Tinene m'podutsa kuti Henry Cavendish wa ku London anali atayandikira choonadi chomwechi kale m'chaka cha 1781, poyeza ukali wa magetsi ndi kugwedezeka kwa thupi lake lomwe, koma anatsekera zolemba zake m'bokosi, ndipo zinaonekera poyera m'chaka cha 1879 pamene James Clerk Maxwell anazisindikiza. Ine ndiyesa kuti n'koyenera ndithu kuti lamuloli litchedwe la Ohm, pakuti nzeru yobisika sithandiza munthu aliyense.

Lamulolo ndi ili: karenti ndiyo voteji yogawidwa ndi kukaniza. Amisiri amalemba V m'malo mwa voteji, I m'malo mwa karenti, R m'malo mwa kukaniza, nati I = V ÷ R; ndipo potembenuza mawu omwewo, V = I × R, ndiponso R = V ÷ I. Amene adziwa ziwiri mwa zitatuzi wadziwa chachitatu chomwe. Tiyerekeze kuti muli ndi batire la galimoto la mavolti 12 ndi babu limene kukaniza kwake ndi maomu 6. Gawani 12 ndi 6, mupeza maampu 2, ndiyo karenti yoyenda mumkombero wonse, m'babu, m'waya, ndi m'batire momwe. Kapena tiyerekeze kuti kukaniza kwa babulo simukudziwa, koma mwayeza ndi mita yanu nimupeza maampu 2. Gawani 12 ndi 2, ndipo maomu 6 aja abwerera m'manja mwanu. Chenjezo limodzi lokha kwa amene afuna kuyeza maomu ndi mita: yambani mwachotsa batire kapena kuzimitsa magetsi, pakuti mita imatumiza karenti yakeyake yaing'ono poyeza, ndipo ikakumana ndi magetsi ena imanama kapena kupsa kumene.

Koma kudziwa karenti si kudziwa ntchito imene magetsiwo agwira, ndipo pano ndi pamene palowera chinthu chachinayi, ndicho mphamvu, imene muyeso wake ndi wati. Dzinali ndi la James Watt wa ku Scotland, wobadwa m'chaka cha 1736, amene anakonza bwino injini zoyendera nthunzi, ndipo pofuna kuti ogula amvetse ukulu wa injini zake anaziyerekeza ndi akavalo okoka katundu. Mphamvu ya kavalo mmodzi, monga ilembedwa pa mapampu ndi zigayo kufikira lero, ndiyo mawati 746. M'magetsi chiwerengero chake n'chapafupi: mphamvu ndiyo voteji yochulukitsidwa ndi karenti, P = V × I. Babu lathu lija, la mavolti 12 ndi maampu 2, lili ndi mawati 24. Ndipo popeza chipangizo chilichonse chogulidwa m'sitolo chimalembedwa mawati ake pansi kapena kumbuyo, munthu angathe kubwerera chammbuyo kuchokera pa mawatiwo napeza zonse zotsala.

Taonani ketulo yamagetsi yolembedwa 2000 W. Gawani 2000 ndi 230, mupeza maampu 8.7, gawaninso 230 ndi 8.7, mupeza maomu 26 ndi pang'ono. Taonaninso babu lakale la kaulusi la mawati 60: gawani 60 ndi 230, mupeza maampu 0.26, ndipo kukaniza kwake kuli pafupi ndi maomu 880. Pano pali chinthu chimene chimasokoneza ophunzira ambiri, ndipo ndi bwino tiimepo pang'ono. Munthu akamva kuti kukaniza ndiko kumabala kutentha, amafulumira kuganiza kuti ketulo, imene iwiritsa madzi, iyenera kukhala yokaniza kwambiri kuposa babu. Koma masamu akuti ketulo ili ndi maomu 26 pamene babu lili ndi 880. Chifukwa chake n'chakuti voteji ya pasoketi ndi imodzimodzi kwa onse awiri, ndipo chipangizo chokaniza pang'ono ndicho chimalola karenti yochuluka, ndipo karenti yochuluka ndiyo mawati ochuluka. M'masamu timati P = V × V ÷ R, ndiko kuti voteji yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, yogawidwa ndi kukaniza. Chiwerengero chomwechi chitiuzanso chifukwa chake madzi amachedwa kuwira madzulo m'madera amene magetsi amafooka anthu onse akayamba kuphika: voteji ikatsika kuchoka pa 230 kufika pa 200, ketulo ya mawati 2000 ija imangopereka mawati 1500 ndi pang'ono, ndiko kuti gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake lapita, ngakhale voteji yatsika pang'ono chabe.

Za mayunitsi amene timagula tingonena mwachidule. Yuniti imodzi ndiyo mawati 1000 ogwira ntchito ola lathunthu. Chomwecho ketulo ija idya yuniti imodzi pa theka la ola, babu la mawati 60 loyaka maola 5 usiku uliwonse lidya mayunitsi 9 pa masiku 30, ndipo babu la LED la mawati 9, lowala mofanana nalo, lidya yuniti imodzi ndi pang'ono pa nthawi yomweyo.

Pali njira yachitatu yolembera mphamvu, ndipo ine ndiiyesa yopambana zonse, pakuti m'menemo muli chinsinsi cha mawaya onyeka ndi nyumba zopsa. M'chaka cha 1840 mnyamata wina wa ku Salford pafupi ndi Manchester, James Prescott Joule, mwana wa banja lofulula mowa, anamiza waya wopiringiza m'madzi, napititsamo karenti, nayeza kutentha kwa madziwo; ndipo anapeza kuti kutenthako kumakula monga karenti yochulukitsidwa ndi iyo yomwe, yochulukitsidwanso ndi kukaniza, P = I × I × R. Owerenga okondedwa, lingalirani bwino mawu akuti yochulukitsidwa ndi iyo yomwe. Karenti ikawirikiza kawiri, kutentha kwa waya sikuwirikiza kawiri koma kanayi. Ikawirikiza katatu, kutentha kuwirikiza kasanu ndi kanayi. Ikawirikiza kakhumi, kutentha kuwirikiza ka 100. Mtima wa munthu sunazolowere kuwerengera kotere, pakuti timayembekeza kuti chowonjezera pang'ono chidzabala chotsatira chaching'ono, ndipo n'chifukwa chake waya amene dzulo anali wofunda chabe, lero, titangowonjezapo chipangizo chimodzi, asungunula chikopa chake chapulasitiki.

Kuti tione kumene karenti yochuluka imachokera, tiyenera kudziwa njira ziwiri zolumikizira zipangizo. Mababu awiri a maomu 6 angathe kuikidwa motsogozana, kotero kuti karenti ipyole loyamba kenaka lachiwiri. Pamenepo maomu amaphatikizana nakhala 12, karenti ya batire la mavolti 12 itsika kufika pa ampu imodzi, mababu onse awiri awala mozilala, ndipo limodzi likapsa linzake lizimanso. Angathenso kuikidwa mbali ndi mbali, lililonse ndi njira yakeyake yochokera ku batire ndi kubwerera. Pamenepo lililonse lilandira mavolti 12 athunthu nilikoka maampu ake 2, ndipo batire litulutsa maampu 4, monga ngati lanyamula chinthu chimodzi cha maomu 3. Nyumba zathu zonse zimalumikizidwa m'njira yachiwiriyi, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti chipangizo chilichonse chimene tiwonjezera chimachepetsa kukaniza kwa mkombero wonse ndi kuchulukitsa karenti m'waya wamkulu amene adyetsa zonsezo.

Tsono tiyeni kumudzi, kumene mabanja ambiri masiku ano ali ndi sola padenga ndi batire la mavolti 12 pakona, pakuti kumeneko lamuloli limaphwanyidwa tsiku ndi tsiku mosadziwa. Waya aliyense ali ndi kukaniza kwakekwake, kumene kukula waya akatalika ndi kuchepa waya akanenepa. Waya wamkuwa wa 1 mm² wotalika mita imodzi ali ndi maomu pafupifupi 0.0175, chiwerengero chochepa kotero kuti munthu angachipeputse. Koma tiyerekeze kuti bambo wina waika batire kuchipinda ndipo wailesi yakanema ili pabalaza, mtunda wa mamita 10, ndipo wailesiyo pamodzi ndi mababu ikoka maampu 5. Magetsi ayenera kupita ndi kubwerera, chomwecho waya ndi wa mamita 20, ndipo kukaniza kwake ndi maomu 0.35. Chulukitsani 5 ndi 0.35, mupeza mavolti 1.75 otayika m'njira, kotero kuti pa mavolti 12 otuluka m'batire, ofika ku wailesi ndi 10 ndi pang'ono basi; ndipo 5 × 5 × 0.35 ndi mawati pafupifupi 9, ongotenthetsa waya pachabe, mphamvu yokwanira kuyatsa babu lina lathunthu. Wailesi iyamba kuzimazima, ndipo bambo uja aweruza batire kuti latha, kapena wogulitsa kuti anam'nyenga, nakagula batire lina la ndalama zambiri, pamene wolakwa ndi kawaya kopyapyala kamene anakagula pamsika chifukwa kanali kotsika mtengo. Safunsa anadya phula. Akadaika waya wa 4 mm², kukaniza kukadatsika kanayi, mavolti otayika akadakhala osakwana theka la volti, ndipo mawati otayika akadakhala awiri ndi pang'ono. Ndipo akadasendeza batire pafupi ndi wailesi, akadapindula chimodzimodzi osagula kanthu.

Chinthu chomwechi, chitakula, ndicho chinaimika nsanja zazitali zachitsulo zimene zidutsa m'mapiri ndi m'zigwa za dziko lathu. Magetsi opangidwa pa mathithi a mtsinje wa Shire, kuyambira pa Nkula pamene makina oyamba anayamba kugwira ntchito m'chaka cha 1966, ayenera kuyenda mitunda yaitali kufikira ku Blantyre, Lilongwe ndi kumpoto. Akadatumizidwa pa mavolti 230, karenti ikadakhala yochuluka kotero kuti palibe waya akadaisenza, ndipo mphamvu yonse ikadathera m'njira monga kutentha. Koma popeza mphamvu ndiyo voteji yochulukitsidwa ndi karenti, munthu akakweza voteji ka 100, karenti yofunika kunyamula mphamvu yomweyo itsika ka 100, ndipo kutentha kotayika m'waya kutsika ka 10,000. N'chifukwa chake mathiransifoma amakweza voteji kufika pa mavolti 66,000 kapena 132,000 paulendo, ena n'kudzaitsitsa pang'onopang'ono kufikira ilowe m'nyumba. Wa sola wakumudzi ndi mainjiniya a ESCOM akulimbana ndi chiwerengero chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wa mavolti 12 sangakweze voteji mosavuta, ndipo chom'pulumutsa ndi waya wonenepa ndi mtunda waufupi.

M'tauni ngozi imabisala mu ekisitenshoni ya mabowo anayi. Mayi alowetsamo ketulo ya mawati 2000, mwana alowetsa simbi ya mawati 1200, wina alowetsa hotipuleti ya mawati 1000. Zonse pamodzi ndi mawati 4200, ndipo 4200 kugawa ndi 230 ndi maampu 18, pamene pulagi ya mano atatu imene tigwiritsa ntchito inapangidwira maampu 13 okha. Maampu 18 poyerekeza ndi 13 saoneka ochuluka kwambiri, koma 18 × 18 ndi 324 pamene 13 × 13 ndi 169, ndiko kuti kutentha kwa wayayo kwayandikira kuwirikiza kawiri. Mlonda woikidwa kuletsa zimenezi ndiye fyuzi ya m'pulagi, kawaya kopyapyala kopangidwa dala kuti kasungunuke karenti ikapyola muyeso, kafe iko kuti nyumba ikhale ndi moyo. Ndinena motsimikiza kuti amene amanga fyuzi yopsa ndi waya wamba, kapena kuikulunga ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya, wachita choipa chachikulu, pakuti karenti siichepa chifukwa cha ichi, koma kutentha kumangosamukira m'waya wa kuseri kwa kabati kapena wa m'denga, kumene palibe diso likuona. Chimodzimodzi ndi shoti, ndiyo njira yachidule imene magetsi apeza mawaya awiri osenda akakhudzana: kukaniza kumatsika kufikira pafupifupi kutheratu, ndipo chiwerengero chilichonse chikagawidwa ndi kanthu kakang'onong'ono chimabala chachikulu koopsa. Sipanala ikagwera pa mitu iwiri ya batire la galimoto, mavolti 12 omwewo, amene munthu angawagwire ndi dzanja osamva kanthu, amatulutsa maampu mazanamazana, nafiiritsa chitsulo.

Thupi la munthu nalonso lili pansi pa lamuloli. Khungu louma limakaniza kwambiri, nthawi zina maomu zikwi makumimakumi. Koma munthu wonyowa, woponda pansi ponyowa wopanda nsapato, angatsike kufika pa maomu 1000 okha. Gawani 230 ndi 1000, mupeza maampu 0.23, pamene maampu osakwana 0.1 opyola pachifuwa ndi okwanira kusokoneza kugunda kwa mtima. Fyuzi ya maampu 13 siimva kanthu pa karenti yochepa chotere, pakuti inaikidwa kusunga waya, osati munthu. Chosunga munthu ndi waya wa ethi, ndiye wotsitsira magetsi m'nthaka, wolumikizidwa bwino, ndi chozimitsa chija cha pabolodi lalikulu chimene chimagwa chikamva kuti maampu 0.03 akuthawira kunja kwa mkombero.

Lamulo la Ohm limagwira ntchito mokhulupirika pa zitsulo zimene kutentha kwake sikukusintha, ndipo n'koyenera kudziwa kumene malire ake ali. Mukayeza babu la mawati 60 lija lili lozizira, mita sidzakupatsani maomu 880 koma pafupifupi 60 kapena 70, chifukwa kaulusi kake ka tungsten kamakaniza kwambiri kakatentha kupyola madigiri 2000. Motero pa kamphindi koyatsa karenti imakhala yoposa kakhumi ya nthawi zonse, ndipo n'chifukwa chake mababu otere amakonda kupsa pomwe munthu wangodina swichi. Kanyale ka LED ndiye sikatsata lamuloli n'komwe: voteji ikachepa sikalola kanthu kupita, koma ikangopyola muyeso wake kamatsegula njira yonse nikadzipsereza. Chifukwa chake kayenera kuyenda motsogozana ndi rezisita, ndiko kachipangizo kopangidwira kukaniza magetsi, ndipo kusankha rezisitayo ndiyo ntchito yoyamba imene wophunzira angayeserepo zonse taphunzirazi. Kanyale kofiira kamafuna mavolti pafupifupi 2 ndi maampu 0.02. Pa batire la mavolti 12, rezisita iyenera kusenza mavolti 10 otsalawo. Gawani 10 ndi 0.02, mupeza maomu 500, ndipo pa marezisita ogulitsidwa m'masitolo, yapafupi yokwererapo imene ipezeka kawirikawiri ndi ya maomu 560, yodziwika ndi mizere itatu, wobiriwira, wabuluu ndi wabulauni. Koma musalekere pomwepo, pakuti rezisita nayonso ili ndi mawati amene ingapirire. Batire likakhala pa mavolti 12, rezisitayo itentha ndi mawati 0.18, ndipo yaing'ono ya kota ya wati ikwanira. Koma batire lomwelo likamatchajidwa ndi sola masana, kapena injini ya galimoto ikamalira, limakwera kufika pa mavolti 14, rezisita isenza mavolti 12, ndipo 12 × 12 ÷ 560 ndi mawati 0.26, amene apyola kale kota ija. Gulani ya theka la wati.